Maenje Khumi m'Bokosi la a Mukhuna

Pa maliro a a Mukhuna sabata yathayi, munthu amene analankhula nthawi yaitali kuposa onse anali a hedi a sukulu yathu, a Matewere. Anaimirira atavala jekete yawo yakuda ija amaisungira zochitika zikuluzikulu, n'kuyamba kutiuza kuti malemuwa anali bwenzi la maphunziro, kholo lachitsanzo, mzati wa sukulu. Ine ndinakhala ndi amayi anzanga pansi pa mtengo wa mapeyala, kamphepo kakuchokera kumene anaima a hediko. Kamphepoko kanabwera ndi fungo la mkungudza, mtengo wa m'phiri uja ena amangouti sida. Fungolo silinachokere m'bokosi la maliro ayi, lija linali la paini wamba. Linachokera m'jekete ya a hedi. Ndinatsala pang'ono kulavula pakati pa anthu.

Nsalu imene ndinavala ine tsiku limenelo ndinali nditaichapa kawiri dzulo lake, n'kuiyanika pamphepo tsiku lonse. Chifukwa chake ndinena. Koma ndiyambe ndanena za mwini maliro, poti munthu amene anafotokozedwa pamanda paja si amene ine ndinkamudziwa.

A Mukhuna anali kalipentala, ndipo kunena zoona sanali munthu woti n'kulakalaka kukhala nawo pafupi. Shedi yawo inali m'mbali mwa msewu wafumbi wopita kusukulu kwathu, kunsi kwa phiri, kamtunda pang'ono kuchokera ku Likhubula. Ankakoka fodya wam'mphuno kuyambira m'mawa, ndipo timadzi tabulauni tinkatsika m'mphunomo n'kudzaima pandevu, iwo osapukuta mpaka atamaliza chimene akunena. Akamalankhula ankakuyandikira mpaka umve nyemba za kalongonda zimene anadya dzulo. Malovu anali chida chawo cha ntchito chimodzimodzi sowo. Pofuna kuona mtundu wa thabwa ankalavulira n'kupaka ndi chala chachikulu, pofuna kuika chizindikiro ankanyambita chala n'kudinda. Ine ndinakulira m'nyumba imene amayi ankatimenya tikayetsemula osatseka pakamwa, choncho ndikamawapatsa moni ndinkaima patali ngati munthu woopa galu.

Pakamwa pawonso panalibe chotsekera. Liwu limene ankalikonda linali limodzi, lakuti bodza. Analinenapo kwa akulu a mpingo pamene ankayamikira mabenchi atsopano amene miyendo yake inali yosiyana kutalika, ndipo anasiya kupita kutchalitchi miyezi itatu, ati sangapemphere akugwedera. Analinenapo kwa mwana wawo yemwe, Layisoni, amene amagulitsa ziboliboli kwa alendo okwera phiri, atamupeza akupaka mafuta onunkhira pa timabokosi ta paini kuti tizimveka ngati mkungudza. Akakwiya kwambiri Chichewa chinkawathera n'kuyamba Chilomwe, ndipo ife osachimva tinkangoonera pa nkhope za achikulire kuti zanenedwazo si zobwereza.

Kwa ine liwu lijalo analinenera pawindo. Ndinali m'chaka changa chachiwiri pasukulupo, ndikuphunzitsa masamu mu Sitandade 6. Pabolodi ndinajambula chinthu chija chooneka ngati denga la nyumba, chokhala ndi thirayango kutsogolo. Ndinachikopera m'buku limodzi lokhalo limene kalasi inali nalo, tsamba la mayina litang'ambika kale. Maso anga anaona thirayango, mutu wanga unati piramidi, ndipo ndinawauza ana choncho. Ndinaloza ndi ndodo, kalasi yonse n'kuyankha mwa nyimbo kuti piramidi, kachiwiri, kachitatu.

"Bodza," anatero munthu pawindo.

Mawindo athu alibe magalasi. Mutu wadazi unali utalowa kale m'kalasi, thabwa lili paphewa kunjako.

"Bambo, tili m'kalasi," ndinatero.

"Ndaona kuti muli m'kalasi, madamu, n'chifukwa chake ndaima. Mukanakhala kuti mukunamiza mbuzi ndikanangodutsa."

Ana anaseka mpaka ena kugwa pansi. Ndinapita kukadandaula kwa a hedi, iwo n'kungoti ndiwasiye, mdalayo mutu wake unaphwanyika ndi matabwa amene ankasenza kuphiri. Ndinasangalala nalo yankho limenelo, ndipo lero ndikachita kulikumbukira ndimadzinyansa.

M'mawa mwake, nthawi ya buleki, anabweranso. Ananyamula chigubu cha madzi ndi zidutswa ziwiri za mtengo m'thumba la shuga. Sanapemphe chilolezo kwa aliyense. Anathira madziwo pansi patsogolo pa kalasi yanga, n'kusalaza matopewo ndi chikhatho, ana n'kuwaunjirira. Ine ndinaima pakhomo ndi makope m'manja, kunamizira kuchonga. Anatenga chidutswa choyamba n'kuyamba kuchidinda m'matopemo, mbali imodzi imodzi. Mbali iliyonse yafulati ankaitcha nkhope, ndipo nkhope imene aidinda kale ankaiika dontho la malovu a fodya kuti asaiwerenge kawiri. Ana ankanyansidwa, komabe palibe anachoka.

"Madamu, bwerani mudzawerenge nokha. Kapena nsapato zikuopa matope?"

Ndinapita chifukwa kukana pamaso pa ana kukanaposa. M'matopemo munali zidindo zisanu, mathirayango awiri ofanana ndi marekitango atatu.

"Nsonga imene nkhope zonse zikukumanirana ili pati?"

"Palibe."

"Nanga piramidi yanu ija yapita kuti?"

Kenako anadinda chidutswa chinacho. Panatuluka sikweya imodzi ndi mathirayango anayi, ndipo anakweza chidutswacho m'mwamba kuti aliyense aone mathirayangowo atagundana mitu pansonga. Ichi ndiye piramidi, anatero, ndipo dzina lake lachiwiri chimalitenga pa nkhope imene chakhalira, choncho ndi piramidi ya sikweya. Chinzakecho n'chosiyana. Chili ndi nkhope ziwiri zofanana zopatsana misana, zina zonse n'kukhala marekitango. Chotero ndi pirizimu, ndipo dzina lachiwiri chimalitenga pa mapasawo. Anachenjeza ana kuti pirizimu ya thirayango imakonda kugona chammbali ngati denga kuti ipusitse anthu aulesi, ndiye ukaipeza itagona uiimike kaye usanaitchule. Chithunzi cha m'buku, ankatero, chimakuonetsa nkhope ziwiri kapena zitatu n'kubisa zina kumbuyo, koma matope sabisa.

Mwezi wathunthu ndinkadutsa tsidya lina la msewu ndikafika pashedi pawo. Koma pabolodi ndinafufuta, n'kulemba dzina loyenera.

Zoti munthu amene analekeza sukulu mu Sitandade 3 anazidziwira kuti zinthuzi ndinadzazimva pambuyo pake, kwa iwo eni, tsiku lina mvula itanditsekereza pashedipo. Unyamata wawo wonse anathera m'phiri, kucheka mkungudza ndi sowo ya anthu awiri n'kumatsika ndi matabwa pamutu. Khungu la paliwombo pawo linali lolimba ngati chidendene, ndipo ankakonda kugwiritsa anthu kuti amve okha. Ine ndinakana. Msana utayamba kuvuta analowa ntchito mu shopu ya ukalipentala pa esiteti ina ya tiyi. Kumeneko kapitawo anawapatsa pepala la zojambula, ati asemere ana a mabwana zophunzirira masamu. Katatu konse anawabwezera ntchitoyo. Kiyubu, ati nkhope zake zonse zisanu ndi imodzi ziyenera kukhala masikweya ofanana, imodzi ikangotalika ndiye kuti yasanduka china. Pomaliza anali atadziwa dzina lililonse m'manja mwawo. Chimene chinawakhala pamtima zaka zonsezo n'choti zinthu anasema ndi manja awozo ana awo sanazigwirepo.

Za mkungudza ankalankhula mopanda kudzikhululukira. Anthu akamadandaula kuti mitengo yatha m'phiri, iwo ankati tisamanene ngati inasamuka yokha, inatsika pamitu ya anthu, ndipo mutu umodzi ndi uwu. Pansi pa bedi lawo anali atasunga zipika ziwiri zokhuthala za mkungudza wakale, wa nthawi imene ankadula ndi chilolezo. Mudzi wonse unkadziwa kuti zimenezo n'za bokosi lawo la maliro. Layisoni anazipempha kangapo kuti asemere alendo, iwo n'kumuuza kuti adikire, adzazinunkhiza tsiku lowaika.

Zipika zimenezo ndi zimene anazitulutsa chaka chimene anandikonza pawindo chija. Anagwira ntchitoyo nyengo yonse yachisanu, kamvula kozizira ka chiperoni kakuwaza m'shedimo. Layisoni anakangana nawo mpaka anthu kutuluka m'nyumba, ati bambo mukudula maliro anu omwe chifukwa cha ana a eni. Iwo anayankha kuti mtembo sununkhiza. Anasema zinthu khumi. Panali kiyubu ndi mkulu wake wotalika uja amati kiyuboyidi, mapirizimu atatu, mapiramidi awiri, silinda ya nkhope ziwiri zozungulira, koni, ndi sifiya yoburungira ngati lalanje. Sifiyayo sankaikonda, ankati chinthu chopanda nkhope yokhalira n'chovuta kuchikhulupirira, anangoisema poti ili m'buku. Pansi pa chilichonse analembapo dzina ndi msomali wamoto, zilembo zokhotakhota. Kenako anakhoma bokosi la bulugama, m'kati mwake n'kugoba maenje khumi, chilichonse dzenje lake loti chikalowa chingoti khwatsa.

Apa ndi pamene analakwitsa, ndipo ndi kulakwitsa koti munthu wa kwina sangakumvetse. Akanasema ndi paini kapena bulugama, zinthuzo bwenzi zili m'manja mwa ana mpaka lero. Koma iwo anafuna kupatsa ana chabwino koposa chimene anali nacho. Ife a kunsi kwa phiri lino timadziwa kuti kachidutswa ka mkungudza ukakaika m'sutikesi, njenjete ndi mphemvu sizifikamo, ndipo zovala zimatuluka zikununkhira ngati za munthu wolemera. Masiku ano mkungudza weniweni sungaupeze. Mdalayo anabweretsa zidutswa khumi zosalala bwino pakati pa aphunzitsi okhala m'nyumba zachinyontho, aliyense ali ndi sutikesi yake.

Anapereka bokosilo pa asembule, ndipo anaika malamulo ake. Likhale m'kalasi, osati mu ofesi. Ana azigwira, azidinda m'matope, zide, ndiyo ntchito yake. A hedi anathokoza ndi mawu ambiri, anaombetsa ana m'manja katatu, ndipo pofika masana bokosilo linali mu ofesi, pamwamba pa kabati. Poyamba ankati ana angabe. Kenako ankati mkungudza ndi mtengo woletsedwa, a zankhalango akadzauona m'kalasi tidzayankha chiyani. Koma kukabwera alendo, mtengo woletsedwa uja unkatsika pakabati n'kuyalidwa patebulo pa nsalu yoyera, a hedi akufotokoza mmene sukulu yathu imagwirira ntchito limodzi ndi makolo.

Choyamba kuchoka chinali piramidi ya sikweya. Mlendo wina wochokera kutauni anaigwira, n'kuinunkhiza, n'kunena kuti akazi ake amakonda fungo limeneli. A hedi anaikulunga m'nyuzipepala pomwepo. Dzenje limodzi litangokhala pululu, manyazi anatha. Kiyubu inapita kunyumba kwa a hedi. Achiwiri awo anatenga silinda. Ena ankalowa mu ofesi kukasaina m'buku la m'mawa n'kutuluka thumba litatupa. Mu sitafu tinkaseka nkhaniyi poyera, wina kufunsa mnzake kuti kodi njenjete zakwanu zaphunzira masamu.

Ine ndinatenga pirizimu ya thirayango. Ndinadziuza kuti ndikukakonzekera phunziro kunyumba, ndibweza Lolemba. Ndinafika nayo, n'kuiika m'sutikesi pakati pa nsalu zanga za kutchalitchi, ndipo Lolemba linadutsa.

A Mukhuna anali ndi chizolowezi choimitsa ana pamsewu akamaweruka. Ankawafunsa kuti kiyubu ili ndi nkhope zingati, ana n'kuyankha bwinobwino, poti tinkawaloweza. Funso lachiwiri linali lakuti unaigwirapo. Chaka chathunthu ankamva yankho limodzimodzi. Ena mwa anawo sankadziwa n'komwe kuti pasukulu pali bokosi lotero.

Anasankha tsiku lotsekera sukulu, pamene makolo amadzaza pabwalo kudzamva zotsatira za mayeso. A hedi ali pakati poitana mayina a ana okhoza, mdala uja anaimirira pakati pa makolo, chipewa chili m'manja.

"A hedi, pepani ndakudulani. Ndati ndione bokosi langa."

"Bambo Mukhuna, zimenezo tikambirana mu ofesi tikamaliza."

"Ndinaperekera pabwalo pano. Ndionere pabwalo pano."

Makolo anayamba kung'ung'udza kuti litengedwe, ndipo panalibe pothawira. Bokosi linabwera, iwo n'kulitsekula patebulo la alendo. Munali mutatsala ziwiri, koni ndi sifiya. Anayendetsa chala m'maenje asanu ndi atatu aja, limodzi limodzi, akutchula dzina la chimene chinkakhalamo, ngati munthu woitana mayina a ana amene sanabwere.

"Zinazo tinabwereketsa ku sukulu zinzathu," anatero a hedi.

"Sukulu zinzathuzo zimavala jekete?"

Zimene anachita kenako sindidzaziiwala. Aphunzitsi tinakhala pamzere wa mipando kutsogolo, aliyense atavala zovala zake zabwino za m'sutikesi, poti linali tsiku lalikulu. A Mukhuna anayamba kumapeto kwa mzerewo. Anawerama pa phewa la a hedi, mphuno yawo yonyowa ija pafupi ndi kolala, n'kukoka mpweya mwamphamvu. Anagwedeza mutu n'kupita kwa achiwiri awo. Anatinunkhiza tonse, mmodzi mmodzi, monga amachitira munthu posankha nsomba pamsika pa Chitakale. Sanatchule dzina la munthu. Amene wamveka mkungudza ankangomuimirira pang'ono, n'kulavula pambali. Makolo anayamba ndi kuseka, koma pofika pakati pa mzere bwalo lonse linali zii.

Ine ndinali wachiwiri kumapeto. Ndinaona dontho la fodya likulendewera pandevu zawo, likubwera cha pa bulauzi yanga yoyera, ndipo ngakhale pamenepo chimene ndinkaopa kwambiri chinali choti lingandidonthere. Ananunkhiza. Sanalavule. Anandiyang'ana, n'kulankhula motsitsa kuti ndimve ndekha.

"Inu ndikudziwa imene muli nayo, madamu. Mukamaliza kuiphunzira mubweretse."

Kenako anatseka bokosi lawo n'kuuza anthu onse chimene achite. Alitenga, akaliika pabenchi panja pa shedi, ndipo lizikhala pomwepo osalowetsedwa. Aliyense amene ali ndi kanthu adzangoika m'dzenje lake n'kumapita, iwo sadzafunsa, sadzatchula munthu. Likadzadzaza adzalibweretsa okha m'kalasi, n'kudzakhala pakhomo kulilondera. Ananyamula bokosilo pamutu ngati thabwa, n'kutuluka pageti.

Sabata yotsatira komiti ya sukulu inakumana. Nkhani yake sinali ya zinthu zosowazo ayi. Inali yoti kholo lachititsa manyazi aphunzitsi pamaso pa ana, zomwe zingagwetse mwambo pasukulu. Anawalembera kalata yowaletsa kupondanso pabwalo la sukulu. Ine ndinali mlembi wa msonkhanowo. Kalatayo ndinalemba ndi dzanja langa, ndipo ndinasamala kuti zilembo zikhale zokongola.

Anadikira zaka zitatu. Poyamba anayesa kusema zina ndi paini, koma manja anali atayamba kunjenjemera ndipo maso anali atachita ng'ala. Kiyubu imene anaimaliza anaidinda m'matope, n'kupapasa zidindozo ndi zala, n'kupeza kuti sizikufanana. Anaiponya pamoto. Mkazi wa Layisoni anawauza kuti ana sangazindikire kusiyana kochepa choncho, iwo n'kuyankha kuti n'chifukwa chake sangawapatse. Kuyambira pamenepo ntchito yawo inali yokhala pabenchi pafupi ndi bokosilo. M'mawa uliwonse ankatsekula n'kuyendetsa chala m'maenje. Patsogolo pa benchipo ankasunga kamalo ka dothi losalala, ankakathirira madzi tsiku ndi tsiku ngati dimba, kuti mwana aliyense wodutsa adindepo koni ija n'kuona yekha nkhope yake yozungulira.

Ine ndinkadutsa pomwepo kawiri patsiku, poti njira ndi imodzi. Maso atafa anayamba kundidziwira pa kayendedwe.

"Mwadzuka bwanji, madamu?"

"Ndadzuka bwino, kaya inu bambo?"

"Ndadzuka. Simunamalizebe?"

"Ndibweretsa mawa."

"Chabwino. Ndi yovutadi imeneyo."

Sankanena mokweza, sanauzepo munthu. Mwina akanandilalatira ndikanabweza msanga chifukwa cha mkwiyo. Kawiri konse ndinainyamula m'chikwama, koma pafupi ndi shediyo pamakhala amayi ogulitsa zinanazi, ndipo ena mwa iwo ndi makolo a ana anga a m'kalasi. Ndinaganiza za maso awo, ndi za anzanga a mu sitafu amene akanati ndawaulula, n'kudutsa ndi chikwama changa chikununkhira. Ndikukhulupirira kuti anamva fungolo masiku awiri onsewo, chifukwa sanandifunse funso lija, anangondipatsa moni.

Pa anthu asanu ndi atatu, palibe ndi mmodzi yemwe amene anabweza iwo ali moyo. Ana amene anaseka pawindo paja anamaliza sukulu, ena ali pabanja, osagwirapo kiyubu ya a Mukhuna. Mdala amene ankandinyansa chifukwa cha malovu ndiye anali munthu waukhondo pakati pathu. Ife ovala zochapa, onunkhira bwino, tinadya bokosi lake la maliro n'kumusiya aikidwe m'paini wonyowa amene Layisoni anakhoma mothamanga, chivindikiro chake chosakhala bwino. Ndinaona mpata wa chivindikirocho pamene ankatsitsira m'manda, ndipo ndinadziwa liwu limene mwiniwake akanalinena. Kenako a hedi anapukuta m'maso ndi kansalu kochokera m'thumba la jekete ija.

Dzulo ndapita kushediko ndi pirizimu m'manja, poyera, amayi a zinanazi akuona. Palibe ngakhale mmodzi anandifunsa kanthu, ndipo ndinazindikira kuti zaka zonsezi palibe akanandifunsa. Bokosi ndinalipeza pansi pa benchi. Koni ndi sifiya nazo zinapita, wina mwa obwera kudzalira anazitenga m'masiku a maliro. Bokosilo analisiya chifukwa ndi la bulugama. M'maenjemo munali zitosi za nkhuku, ndipo m'dzenje la silinda mavu anali atayamba kumanga. Ndinapukuta ndi chala changa chomwe, n'kulowetsa pirizimu ija. Inangoti khwatsa. Mkazi wa Layisoni anati ndilitenge ngati ndikulifuna, akanaliwaza nkhuni.

Lero m'mawa lafika m'kalasi, pamene mwiniwake ankafuna, lili ndi chinthu chimodzi ndi maenje asanu ndi anayi. Ana akumaika zala m'maenjemo kuyesa kutchula zimene zinkakhalamo, koma dzenje limangoonetsa nkhope imodzi. Pali la sikweya limene ena akuti munkakhala kiyubu, ena akuti piramidi, ndipo ndilibe choti ndiwapatse adinde kuti aone okha.

Pobwerera ndinaimanso pashedi. Malata achotsa kale, kwangotsala mitengo inayi ndi dzuwa. Misomali imene ankapachikapo sowo ndi puleni ili pamalo ake, yopanda kanthu. Pabenchi pali malo osalala pamene ankakhala, ndipo pambali pake pali chizindikiro cha rekitango pamene bokosi linakhala zaka zitatu, thabwa la pamenepo silinayere ndi dzuwa ngati linzake. Pansi ponse pali madontho abulauni a malovu awo. Kamalo ka dothi kaja kapita masabata awiri osathiriridwa, kauma gwa, n'kung'aluka. Zidindo zomaliza za koni zikuonekabe, zitatu, mbuzi itaponda pakati pake. Ndinatulutsa m'chikwama pirizimu ija, imene ndinaitenga m'bokosi poweruka, n'kugwada, n'kuiimika pa thirayango yake monga anandiphunzitsira. Ndinakanikiza ndi manja onse awiri. Nditaichotsa panalibe chidindo chilichonse.